Luso la Magetsi: Boma Likhale Wogula Woyamba

Munthu wotuluka m'kati mwa mzinda wa Blantyre pamsewu wa ku Chikwawa, akafika ku Sunnyside nakweza maso, amaona kuti madenga a nyumba zambiri za kumeneko anasintha maonekedwe. Pamwamba pa malata ndi matailosi akale aja payalidwa mapanelo a magetsi a dzuwa, ndipo kuseri kwa mipanda kuli mabatire ndi majenereta. Eni nyumbazo sanachite izi chifukwa chokonda zamakono ayi. Anatopa ndi mdima wa m'zaka za 2016 ndi 2017, pamene madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika kwambiri, natopanso ndi mdima wa 2022, tsono poti m'thumba munali kanthu, aliyense anadzigulira ESCOM yakeyake. Koma woyenda uja akapitirira pang'ono nafika ku Manase, kapena akapatukira ku Zingwangwa ndi ku Chilobwe, zimene amaona ndi mbaula ndi matumba a makala. Dzuwa lowomba madenga onsewa ndi limodzi. Apa ndi pamene ndondomeko ya boma yolimbikitsa magetsi opanda utsi iyenera kuyesedwa, osati m'mabuku a ku unduna.

Nkofunika kukumbukira kuti dziko lino silinayambe ndi magetsi autsi monga anachitira maiko olemera, amene anatukuka potentha malasha. Makina a pa Nkula anayamba kugwira ntchito mu 1966 ndi mamegawati 24, a pa Tedzani anatsatira mu 1973, a pa Kapichira mu 2000, ndipo onsewa amazunguzidwa ndi madzi. Vuto ndi lakuti madziwo ndi a mtsinje umodzi. Shire akachepa, akadzaza matope ndi namasupuni, kapena akakalipa monga anachitira pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022, dziko lonse limagona mumdima. Namondweyo anagumula damu la Kapichira nachotsa mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo sanabwerere kuntchito kufikira 2023. Anthu a mu Blantyre amalangika kawiri, chifukwa madzi awo akumwa ambiri amachokera pa Walker's Ferry mumtsinje womwewo, ndipo amakankhidwa ndi magetsi kukwera chitunda cha makilomita pafupifupi 40. Magetsi akathima, mipope imauma.

Utsi wa m'dziko muno umabwera pamene madzi alephera. Kuyambira 2018 mpaka 2022 dziko linabwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko, nalipira ndi ndalama zakunja zosowa zija. M'makomo namo, mayi amene sangadalire magetsi amagula makala, makalawo amachokera m'mapiri a ku Neno ndi ku Mwanza amene amatsanulira madzi mu Shire, phiri likametedwa dothi limakokolokera m'madamu a magetsi, magetsi nachepa, makala nakwera mtengo, wotentha makala nanola nkhwangwa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja ounikira ndi magetsi anali pafupifupi 11 pa 100 alionse.

Si chilungamo kunena kuti boma linangopinda manja. Lamulo la magetsi linasinthidwa mu 2016, ndipo mu 2017 ntchito yopanga magetsi inachotsedwa ku ESCOM nkuperekedwa ku EGENCO, kuti makampani ena akhale ndi mwayi wopanga magetsi ndi kugulitsa. Mu 2018 kunatuluka ndondomeko yatsopano ya mphamvu, ndipo mu 2019 msonkho wa VAT unachotsedwa pa zipangizo za magetsi a dzuwa. Zipatso zake zikuoneka. Pa Nanjoka ku Salima kampani ya JCM inatsegula malo a mamegawati 60 mu 2021, pa Golomoti ku Dedza a mamegawati 20 mu 2022, ndipo ku Nkhotakota kampani ya Serengeti inatsegula ena mu 2023. A pa Golomoti ali ndi mabatire akuluakulu, chinthu chofunika kuchimvetsa bwino: dzuwa limapereka mphamvu yochuluka masana, pamene anthu amafuna magetsi kwambiri madzulo, nthawi yophika ndi kuunikira. Popanda njira yosungira, phindu la masana silifika pa mphika wa madzulo.

Zonsezi nzotamandika, koma ziyenera kutchulidwa dzina lake lenileni. Kumeneku ndi kugula, si kupanga luso. Mapanelo, mabatire ndi mainivata zimafika zothaitha kuchokera kunja, ndalama zomangira ndi zakunja, ndipo chikaonongeka chachikulu katswiri amayembekezeredwa pabwalo la ndege la Chileka kapena la Kamuzu. Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa, komatu akamapita amakatenga. Kuchotsa msonkho nakonso kumakomera yekhayo amene ali kale ndi ndalama zogulira, ndiye chifukwa chake madenga a ku Sunnyside, Namiwawa ndi Nyambadwe anadzaza msanga.

Pasakhale wodzinamiza kuti Malawi adzapikisana ndi China popanga mapanelo. Mtengo wa mapanelo unatsika ndi pafupifupi magawo 90 pa 100 pakati pa 2010 ndi 2020, ndipo zimenezo zinachitika chifukwa maboma ena analonjeza msika. Germany inakhazikitsa lamulo mu 2000 lakuti aliyense wopanga magetsi a dzuwa kapena a mphepo adzagulidwa pamtengo wodziwika kwa zaka 20, mafakitale a ku China napanga zochuluka kuti akwaniritse msikawo, mtengo nugwa. Luso limene Malawi akusowa ndi lina: kupanga makina ang'onoang'ono ozunguzidwa ndi mitsinje ya m'mapiri, kukonza invata m'malo moitaya, kusamala batire kuti lisafe m'chaka chachiwiri ku Chikwawa kotentha kuja, kupeza njira yolipirira yoti mlimi wolandira ndalama kamodzi pachaka aikwanitse, kuyendetsa chigayo ndi pampu yothirira ndi dzuwa, ndi kuphikira nyemba pamagetsi pamtengo woposa makala. Zinthu zimenezi sizidzachokera ku Shanghai, chifukwa mavuto ake sali ku Shanghai.

Anthu aluso lotere alipo, ndipo dziko limawadziwa. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, atalekera sukulu panjira nthawi ya njala ya 2002, anapanga makina a mphepo ndi zidutswa za njinga ndi zitsulo zotola, atawerenga buku m'kalaibulale ka kumudzi. Colrerd Nkosi wa ku Mzimba anayatsa magetsi m'mudzi mwawo ndi madzi a kamtsinje ndi injini yakale. Ku Bondo, m'munsi mwa phiri la Mulanje, madzi a mtsinje wa Lichenya amayatsa nyumba, sukulu ndi chipatala kudzera m'bungwe la MEGA, limene linapatsidwa chilolezo chopanga ndi kugulitsa magetsi palokha. Chimene anthu otere amalandira kwawo kuno kawirikawiri ndi kuomberedwa m'manja, chithunzi m'nyuzipepala ndi mlendo wolemekezeka wobwera kudzaona. Nkhani ya Kamkwamba inasanduka buku mu 2009 ndi filimu mu 2019, ndipo amene anamutsegulira njira ya maphunziro apamwamba anali ambiri a kunja. M'manja simugula waya wa kopa.

Chodabwitsa ndi chakuti njira yabwino dziko lino linaiyendapo kale. Mafuta a galimoto atakwera mtengo m'zaka za m'ma 1970, ndipo nkhondo ya ku Mozambique itayamba kutseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, fakitale ya ethanol inatsegulidwa pa Dwangwa mu 1982, yotcheza mafuta kuchokera ku zotsalira za shuga. Chimene chinaichirikiza sichinali mphoto kapena msonkhano. Ethanol ankasakanizidwa ndi petulo wogulitsidwa m'dziko muno, kotero kuti wopanga ankadziwa kuti katundu wake ali ndi wogula chaka chino ndi chaka chamawa. Pa msika wotsimikizika umenewo panaphunzira amisiri ndi akatswiri a kuno, ndipo mu 2004 fakitale yachiwiri, ya PressCane, inatsegulidwa ku Chikwawa. Malawi anali mmodzi wa maiko oyamba mu Africa kuchita zimenezi, ndipo ntchitoyo inapirira maboma onse amene abwera ndi kupita.

Phunziro lake ndi lapafupi. Munthu waluso safuna kwenikweni kutamandidwa. Amafuna wogula woyamba, amene angalole kugula chinthu chisanatchuke. M'dziko losauka wogula woteroyo ndi boma. Boma lili ndi zipatala zazing'ono zofuna firiji ya katemera, sukulu za sekondale zoyendera kumene ana amalemba mayeso a sayansi asanaonepo babu ikuyaka m'kalasi, minda yothirira ndi mipope ya madzi. Lili ndi ndondomeko yofikitsa magetsi kumidzi ya MAREP, imene inayamba mu 1980 ndipo imalandira ndalama za msonkho wa pa mafuta. Mwambo wa ndondomekoyo wakhala kuimika mapolo ndi kukoka mawaya kuchokera ku nthambo zazikulu, ntchito yabwino koma yodula kwambiri pamene mudzi uli kutali. Gawo lodziwika la ndalamazo liyenera kupatulidwa kuti ligule magetsi kwa opanga ang'onoang'ono a m'dziko muno, ndi pangano la zaka zingapo limene munthu angapite nalo kubanki. Zitsanzo za Sitolo ku Mchinji ndi Mthembanji ku Dedza, kumene midzi ili ndi magetsi a dzuwa akeake, zaonetsa kuti anthu akumudzi amalipira magetsi akakhala odalirika. Koma ntchito zimenezo zinayamba ndi thandizo la mabungwe akunja, ndipo thandizo lili ndi tsiku lothera.

Alipo amene adzanena kuti boma lilibe ndalama, ndiponso kuti thumba lililonse latsopano limaitana makoswe. Mantha amenewa si opanda pake, ndipo owerenga akudziwa ndalama zochuluka za chitukuko zimene zimathera m'misonkhano ya kunyanja, kumene alawansi imakhala yaikulu kuposa mfundo. Ndiye chifukwa chake malipiro ayenera kutsata magetsi ofika m'nyumba, owerengedwa pa mita, osati mapepala a malonjezo. Wopanga akayatsa nyumba 200 alipidwe za nyumba 200, makina akaima malipiro aime. Thumba la sayansi ndi luso limene lamulo la 2003 linakhazikitsa pansi pa bungwe la National Commission for Science and Technology likhoza kulipira gawo loyesa chinthu chatsopano, pamene kulephera kumaloledwa, koma pa gawo logulitsa pasakhale chifundo.

Sukulu za ukachenjede nazonso ziyenera kumangidwa ku ntchito imeneyi ndi chingwe cha ndalama. Pa Chichiri pali MUBAS, imene kale inali Polytechnic. Ku Mzuzu kuli dipatimenti yophunzitsa za mphamvu zongowonjezeka. Ku Thyolo kuli MUST. Chaka ndi chaka ophunzira amapanga makina kuti akhoze mayeso, makinawo nasungidwa m'chipinda mpaka dzimbiri litawadya. EGENCO ndi ESCOM zitati zizilengeza mavuto awo enieni, monga matope a pa Nkula, namasupuni wa pa Liwonde kapena matransifoma opsa, ndi kulonjeza kugula yankho limene lagwira ntchito, kafukufuku akanakhala ndi kolowera. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards liyeneranso kulimbitsa dzanja pa katundu wolowa, chifukwa batire yachinyengo yogulidwa ku Limbe ikafa patapita miyezi itatu, mudzi wonse umaweruza kuti magetsi a dzuwa ndi bodza, ndipo mmisiri woona mtima amataya msika pa mlandu wa wina.

Ngakhale madenga a anthu opeza bwino akhoza kutumikira mzinda. Masana eni ake ali kuntchito, mabatire adzaza, ndipo mphamvu yotsala imangotayika. MERA ndi ESCOM zikafewetsa njira yakuti nyumba, sukulu kapena fakitale ibwezere mphamvu yotsalayo m'nthambo nichotseredwe pa bilu, mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba angapeze magetsi a masana popanda boma kukongola tambala, madzi a pa Nkula nasungidwira madzulo. Ntchito yoika mita zotere ndi kuzisamala ndi ya amisiri a TEVETA, osati ya alendo.

Ntchito yaikulu imene ili patsogolo ndi damu la Mpatamanga, pakati pa Tedzani ndi Kapichira, lokonzedwa kuti lidzapereke mamegawati oposa 350 ndi kusunga madzi masana kuti liwatulutse madzulo. Lidzagwirizana bwino ndi magetsi a dzuwa, ngakhale kuti nalonso lili pa Shire yemweyo. Nyumba ya Malamulo ili ndi ufulu wofunsa, makina asanafike, kuti m'mapangano ake mwalembedwa mainjiniya angati a Chimalawi amene adzagwire ntchito pambali pa alendo kuyambira pa maziko, zitsulo zingati zimene zidzasulidwe mu Blantyre muno, ndi chaka chiti chimene makinawo adzayambe kukonzedwa ndi manja a eni dziko.