"Abusa, lero mwatidyetsa": tiyankhe chiyani?

Sabata ino tikambirane kanthu kochitika pakhomo pa tchalitchi Lamulungu lililonse, kamene sikalowa pa mndandanda wa nkhani akulu a mpingo akakhala pa msonkhano. Mapemphero atha, wolalikira waima pakhomo kupatsana moni ndi anthu, ndiye pakufika agogo ena, kumugwira dzanja ndi manja awiri, amvekere: "Abusa, lero mwatidyetsa." Kodi munthu wa Mulunguyo ayankhe chiyani, ndipo mawu okomawo apite nawo kuti?

Musaganize kuti ndi nkhani ya abusa ndi ansembe okha. Kuno kwathu mbusa mmodzi kapena wansembe mmodzi amayang'anira nyumba za mapemphero zambirimbiri, ndipo masabata ambiri amene amaima kutsogolo ndi mkulu wa mpingo, katekisiti, mayi wa chigwirizano kapena mnyamata wotsogolera kwaya. Ambiri a iwo salandira malipiro. Amasiya khasu, kupalasa njinga kukwera zitunda, kukalalikira pa maliro mvula ili pamsana, ndipo chimene amabwera nacho kunyumba ndi mawu awiri atatu oyamika basi. N'chifukwa chake mawuwo amatsekemera kwambiri, ndipo chotsekemera chimafunika kudya mosamala.

Ambiri tinaphunzira yankho limodzi: "Ayi, si ine, ndi Ambuye." Mawuwa ndi oona, sindikuwatsutsa. Koma tamverani mmene ena amawanenera, nkhope itakwinyika, dzanja likukankha, ngati agogo aja atukwana. Agogowo amachoka ndi manyazi, n'kumadzifunsa ngati alakwira Mulungu pothokoza munthu. Chonsecho kwathu kuno mlendo wokana nsima ya mwini nyumba timamuona ngati wonyoza, ndipo kuyamika nakonso ndi mbale imene munthu wakupatsira ndi manja awiri. Ku Betaniya, mayi uja atadzoza Ambuye Yesu mafuta a mtengo wapatali, amene anang'ung'udza anali ena okhala pa chakudyapo. Ambuye anamuikira kumbuyo mayiyo. Paulo ali m'ndende, Akhristu a ku Filipi atamutumizira thandizo kudzera mwa Epafrodito, analemba kalata yothokoza poyera, osachita ngati sanaone kanthu.

Palinso kukana kwina kumene ndi bodza lenileni. Munthu wakhala masiku atatu usiku akuwerenga ndi tochi kukonza ulaliki, koma akamuyamika akuti: "Aa, lerotu sindinakonzekere, ndangolankhula zobwera m'mutu." Akufuna chiyani? Akufuna mumuuze kuti, "Ngati mwatere osakonzekera, nanga mukadakonzekera!" Uku ndi kutchera msampha umodzi kuti ugwire mbewa ziwiri. Kudzichepetsa kotere ndi chikomekome cha nkhuyu, mukang'amba mupezamo nyerere za kunyada zomwe zija.

Makolo athu anatisiyira njira yabwino pa nkhani imeneyi. Pothokoza munthu sankatchula dzina lake la paubwana, ankatchula mfunda: zikomo a Phiri, zikomo Nabanda, zikomo a Ngozo. Wophika ndi mmodzi, koma ulemu unkadutsa mwa iye n'kukafika kwa a mtundu wake onse, amene anamulera n'kumuphunzitsa kugwira mthiko. Wothokozedwayo sankathawa, ankavomera mwaulemu, podziwa kuti sakulandira zake zokha. Mtumiki wa mpingo achite chimodzimodzi. Anene kuti, "Zikomo agogo, tithokoze Mulungu kuti Mawu akuthandizani," kenaka afunse: "Ndi pati pamene pakukhudzani?" Kafunso kameneka kamagwira ntchito yaikulu. Amene wakhudzidwadi amayankha msanga, mwina n'kuulula kuti sakulankhulana ndi mpongozi wake chiyambire masika. Pamenepo nkhani yachoka pa mlaliki yapita pa moyo wa munthu, ntchito ya ubusa yayambika pakhomo pomwepo. Wosyasyalika amangoti "ponseponse abusa," n'kuyang'ana kumbali.

Osyasyalikawa ndiwo ofunika kuwakambirapo modekha. M'buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 12, muli nkhani ya mfumu Herode, uja wotchedwanso Agripa, amene anafa m'chaka cha 44 ku Kaisareya. Tsiku lina anavala zachifumu nalankhula kwa anthu a ku Turo ndi Sidoni, iwo n'kuyamba kufuula kumukweza ngati mulungu. Iye sanawaletse, ndipo matenda anamugwira pomwepo mpaka kufa. Wolemba mbiri wachiyuda Josephus anasimbanso za imfa yomweyo, nati mfumuyo inavala mkanjo wasiliva wonyezimira padzuwa, ndipo inazunzika ndi ululu wa m'mimba masiku 5 isanamwalire. Alaliki amakonda kuima pa mphutsi zimene zinamudya, koma ine ndikuti tiyang'ane anthu ofuulawo. Buku lomwelo likutiuza kuti anali atayambana ndi mfumuyo, pamene dziko lawo linkadalira chakudya chochokera m'dziko lake. Inkafuula tsiku limenelo inali mimba.

Zotere sizinathere ku Kaisareya. Taganizani za munthu wa malonda a mbatatesi, amene magalimoto ake amatsika kupita ku Tete ndi ku Beira. Lamulungu lililonse amayamba ndiye kuyamika abusa. Pa chopereka cha masika amaimirira n'kunena kuti mbusa ngati uyu sanamuonepo chibadwire, madzulo n'kutumiza mwana ndi tambala, pena thumba la feteleza. Patapita miyezi kukumveka kuti watenga mkazi wachiwiri, kapena walanda dimba la mayi wamasiye, nkhani n'kufika kwa akulu a mpingo. Pamenepo abusa aja lilime limalemera. Angalumbire ndithu kuti sanagulidwe ndi ndalama, koma akhala akudya mawu okoma chaka chathunthu, ndipo ngongole ya mawu okoma imabwezedwa ndi kukhala chete. Wolipira ngongoleyo ndi mayi wamasiye uja, amene abwerere kunyumba wopanda dimba ndi wopanda womuyankhulira. Sindikunena kuti mphatso iliyonse ili ndi mbedza. Nkhuku ya mayi wosauka ilandireni ndi chimwemwe. Koma munthu akamakuyamikani mopitirira muyeso, pagulu, nthawi ndi nthawi, dzifunseni ngati mawa mungathe kumudzudzula. Mukaona kuti simungathe, chingwe chalowa kale m'khosi.

Kuyamika kwina koopsa ndi koyerekeza. "Inu ndiye abusa, osati amene anachoka aja." "Akatekisiti athu akamalalika timasinza, koma inu!" Mawu awa amalowa bwino m'khutu kuposa ena onse, ndipo ndi amene agawa mipingo pakati. Ku Korinto zinafika poti ena ankadzitcha a Paulo, ena a Apolo, ena a Kefa. Paulo akadatha kukondwa kuti ali ndi gulu lake, koma anawakumbutsa kuti iye ndi Apolo anali antchito chabe a m'munda umodzi, ndipo mwini munda ndi wina. Wotumikira akamva mawu oyerekeza asangomwetulira, chifukwa kumwetulirako kukafika kuchigayo kudzakhala umboni wakuti nawonso abusa avomereza. Ayankhe pomwepo potchula chabwino chimodzi cha mnzakeyo: "Bambo ajatu ndiwo anatsogolera kuumba njerwa za tchalitchi chino," kapena "Ajatu ankayendera odwala ndi usiku womwe." Woyerekezayo sabwereranso kawiri.

Ndipo kuno ku Angonia tili ndi chifukwa chapadera chosanyadira mipingo yodzaza. Mishoni ya Mphatso inayamba mu 1909, boma la Apwitikizi n'kuitseka mu 1922, koma Akhristu ake sanathe. Anapitiriza kupemphera zaka zambiri opanda mmishonale, ena akuwoloka malire kukabatiza ana ndi kukadya mgonero ku mipingo ya ku Nyasaland. Mu 1975 boma linatenga sukulu ndi zipatala za mishoni, kenaka nkhondo inabalalitsa anthu, ambiri n'kuthawira ku Dedza ndi ku Ntcheu mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. M'zaka zonsezo amene anasunga mapemphero pansi pa mitengo ndi m'misasa ya othawa nkhondo anali akatekisiti, akulu a mpingo ndi amayi amene maina awo sanalembedwe pa mwala uliwonse. Ena anataya moyo, monga ansembe awiri aja, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira, amene anaphedwa ku Chapotera mu 1985. Mlaliki wa lero akaona mabenchi adzaza, akumbukire kuti wapeza nsima yophika kale.

Chinthu china chimene kuyamikidwa kumachita mwakachetechete ndi kusintha ulaliki weniweniwo. Yohane Chrysostom, wansembe wa ku Antiokeya amene anakhala bishopu wa Constantinople mu 398, anali mlaliki wotchuka kotero kuti anthu ankamuombera m'manja m'tchalitchi ngati ali ku masewero. Iye anavomereza poyera kuti phokosolo linkamukondweretsa pa nthawiyo, koma akafika kunyumba ankagwidwa ndi chisoni poganiza kuti oomba m'manjawo sanatolepo kanthu. Tsiku lina anapempha kuti pakhale lamulo loletsa kuomba m'manja pa ulaliki, anthu n'kuombera m'manja pempholo! Anali ataona choopsa chake: mlaliki wozolowera manja amayamba kuphika zokhazo zimene anthu amakonda. Nthabwala imene inaseketsa mpingo mwezi watha ibweranso mwezi uno, pamene vesi lodzudzula miyeso yachinyengo pamsika kapena kumenya akazi lidumphidwa. Chrysostom sanadumphe. Anadzudzula moyo wa manyado wa olemera ndi a kunyumba yachifumu, anamupirikitsa pa mpando wake, nafera kutali kumene anamutumiza mu 407. Dzina loti Chrysostom, kutanthauza pakamwa pa golide, anamupatsa atafa kale, pamene silikadathanso kumuononga.

Masiku ano manja aja alowa m'mafoni. Achinyamata amajambula ulaliki kapena nyimbo ya kwaya n'kutumiza pa WhatsApp, pofika madzulo yamveka ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Palibe cholakwika pamenepo, abale athu akutali amalimbikitsidwa nazo. Koma penyani kwaya ikayamba kuimbira foni mpingo uli kumbuyo, kapena mlaliki akayamba kufuula pamene akudziwa kuti nthungululu zilira. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndipo khamu silichedwa kutembenuka. Ku Lustra anthu anabwera ndi ng'ombe kudzapereka nsembe kwa Paulo ndi Barnaba powayesa milungu. Sipanapite nthawi, atakopedwa ndi ena ochokera ku Antiokeya ndi Ikoniyo, Paulo yemweyo anaponyedwa miyala n'kukokeredwa kunja kwa mudzi poganiza kuti wafa.

Mawu ochepa kwa ife okhala pa mabenchi. Musati poti mwawerenga izi muleke kuyamika. Alipo atumiki amene afooka chifukwa zaka zapita palibe wowauza zikomo, ndipo kawirikawiri si oima pagome: ndi mayi wosesa tchalitchi Loweruka, mtsikana wophunzitsa ana Sande sukulu, bambo woliza belu m'mawa kukuzizira kwa mwezi wa Juni. Muwafunefune amenewo. Poyamika tchulani chinthu chenicheni chimene munthuyo wachita, musamukweze pomutsitsa mnzake, ndipo ngati muli ndi mlandu umene ukudikira akulu a mpingo, tambala wanu adikire mlandu uthe.

Wotumikira aliyense akhalenso ndi munthu mmodzi wosamuopa, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Kaya ndi mayi a kunyumba, kaya mkulu mnzake, akhale munthu wotha kumuuza Lolemba kuti, "Dzulo munatalikitsa, ndipo fanizo la ng'ombe lija silinagwirizane ndi vesi." Ameneyo akatero musamukwiyire sabata yonse, ndipo chisankho cha komiti chikafika musamuchotse pa mpando.