Kalata kwa Bambo J. Desmond Clark

Bambo Clark,

Zikomo pobwera kuno muli mnyamata mu 1938 kudzasamala nyumba ya zinthu zakale ya Rhodes-Livingstone, m'tauni ya Livingstone. Masiku amenewo ophunzira ambiri a ku Ulaya ankayesa kuti mbiri yathu inayamba tsiku limene mzungu anafika ndi cholembera. Inu munawerama n'kuyamba kufunsa nthaka.

Tikuthokozanso chifukwa cha Kalambo. Mu 1953 munapeza malo aja pamwamba pa mathithi, m'malire a Zambia ndi Tanzania, pomwe dothi lonyowa linasunga mitengo osaola. Munatidikiritsa ndithu: buku lachiwiri la Kalambo linatuluka mu 1974, lachitatu mpaka 2001, chaka chimodzi musanatisiye. Tilibe nanu mlandu, pakuti simunafune kulemba musanatsimikize. Mu 2023 ena amene anatsata mapazi anu analengeza kuti apeza kumeneko mitengo iwiri yosemedwa kuti ilumikizane, ya zaka pafupifupi 476,000. Tikanakonda mukanakhalapo kuti muigwire ndi manja anu.

Sitiiwala phiri la Hora ku Mzimba, kumene munakumba mu 1950. Mafupa amene munawatola mosamala anadikira zaka zoposa 60, kufikira akatswiri a DNA atawayeza n'kutiuza za alenje amene ankakhala kuno zaka pafupifupi 8,000 zapitazo.

Ku Dedza, zikomo chifukwa cha Mwana wa Chencherere. Agogo athu ankatisimbira za Akafula usiku pamoto, ena n'kumati ndi nthano chabe. Mu 1972 inu munakumba pansi pa thanthwe lija la zojambula, n'kupeza zida zamiyala ndi mafupa a nyama zimene anthu aja ankadya. Lero Chongoni, dera limene muli thanthwelo, ili pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 2006, ndipo mwana wasukulu akafunsa za Akafula timakhala ndi pomulozera.

Za kwa Mwanganda ku Karonga, munaona mafupa a njovu pamodzi ndi zida zamiyala n'kunena kuti pamenepo anthu anasendera nyama. Amene anakumbanso pambuyo panu akukayika ngati zinalidi choncho. Koma kuti athe kukutsutsani anadalira miyeso ndi mapu anu omwe. Tikuthokoza potisiyira zolemba zoti munthu n'kuyang'anamo yekha.

Mutiperekereko moni kwa Mayi Betty, amene anajambula miyala yambirimbiri ija umodziumodzi, mpaka tizipsera ta m'mphepete tikuoneka.

Zikomo pophunzitsa ana athu ku yunivesite ya ku Berkeley. A Yusuf Juwayeyi anaphunzira kumeneko, anabwerera kwawo n'kudzafukula Mankhamba, likulu la Kalonga. Amaravi anafukulidwa ndi mwana wa dziko lino, ndipo mbali ya ngongole imeneyo ndi ya kwa inu.

Mapepala anu tsopano ali ku Bancroft Library, ku California. N'kutali, Bambo, wophunzira wa ku Zomba sangangodzuka n'kukawerenga. Sitikudandaula, poti akusungidwa bwino, chiswe sichiwafika. Tikadzapeza mwayi wotsegula mabokosi amenewo, tidzayamba n'kufufuza mayina a amuna a ku Hora, ku Karonga ndi ku Dedza amene ankakumba nanu ndi kusefa dothi dzuwa lili pamutu, kuti nawonso tiwalembere kalata yawo.

Ndine wanu wothokoza,
Mdzukulu wa ku Dedza