Kodi ana a sekondale a ku Kafue azilowa m'mafakitale patchuthi?

Kafue Estates inamangidwa kuti mukhale anthu a m'mafakitale. Fakitale ya fetereza ya Nitrogen Chemicals of Zambia itatsegulidwa mu 1970, nyumba za kuno zinadzaza ndi amisiri, owotcherera zitsulo ndi mainjiniya, osakanikirana ndi antchito a ku Kafue Textiles. Fakitale ya nsaluyo inagwa, koma kunabwera ya zitsulo ya Kafue Steel, ndipo kumunsi kwa mtsinje kuli malo opangira magetsi a Kafue Gorge Upper ndi Kafue Gorge Lower, ndipo a Lower okha amatulutsa mamegawati 750. Komabe mwana wa pa sekondale ya Naboye kapena ya Kafue Boys atha kumaliza Giredi 12 asanapondemo m'malo amenewa ngakhale tsiku limodzi.

Ku America, komwe tchuthi chachikulu chimayamba mu June mpaka August, ana a sekondale amapikisana kuti apeze malo m'malabu. Ena amakathera milungu 6 ku MIT pansi pa Research Science Institute. Kodi ifenso tiyese?

Ovomereza ali ndi mfundo yolimba. Mwana amaloweza kuti amoniya amapangidwa pophatikiza nayitirojeni ndi hayidirojeni, nakhoza mayeso, koma osadziwa kuti injiniya amachita chiyani akalowa pantchito m'mawa. Ataima pafupi ndi mmisiri akuwerenga mageji, kulemba manambala m'buku ndi kuyeza dontho la madzi mu labu, phunziro lija limasiya kukhala chilango. Makalabu a sayansi a JETS, omwe anayamba mu 1968, athandiza ana ambiri kupanga tizipangizo ta pachionetsero, koma makina a makatoni ndi mawaya otola sangafanane ndi pampu yeniyeni ya pa Iolanda yomwe imakankha madzi mpaka ku Lusaka. Mwana amene waona ntchito ndi maso ake amasankha kosi akudziwa chomwe akulowamo. Kwa mtsikana, kuona mayi atavala chisoti ndi majombo akulamula amuna pamakina kumaposa uphungu wa m'kalasi.

Otsutsa nawo sakulankhula zopanda mutu. Choyamba ndi ngozi. Zitsulo zimasungunuka pa kutentha kwa pafupifupi madigiri 1,500, ndipo pa fakitale ya fetereza pali asidi ndi mpweya wopweteka mapapo. Lamulo la ntchito la Employment Code Act la 2019 limaletsa kupatsa munthu wosakwana zaka 18 ntchito yoika moyo wake pachiswe. Bwana aliyense amadzifunsa kuti, "Mwanayu akavulala, mlandu ndi wa yani?"

Chachiwiri ndi kuchepa kwa malo. Ophunzira a ku UNZA, ku Copperbelt University ndi m'makoleji a pansi pa TEVETA amayendayenda ndi makalata kufuna atachimenti, ndipo ambiri sangalandire pepala popanda iyo. Kupatsa mwana wa sekondale mpando umenewo n'kulanda wamkulu amene tsogolo lake lili pakhomo. Chachitatu, tchuthi chathu cha April, August ndi December n'cha pafupifupi mwezi umodzi, ndipo a Giredi 12 amathera cha April ndi cha August pokonzekera mayeso.

Koma vuto lalikulu n'loti mwayi wotere ukasiyidwa kuti aliyense adzifunire yekha, umayenda m'njira ya kudziwana. Mwana amene amalume ake ndi kapitawo amalowa ndi foni imodzi. Wa mayi wogulitsa nsomba pamsika amasiya kalata kwa mlonda pageti, n'kumadikira yankho losabwera. Zikatero, chomwe chimayenera kutsegula maso a ana onse chimangowonjezera mpata pakati pa olemera ndi osauka.

Zifukwa za otsutsazi zikutiuza mmene tingachitire, osati kuti tileke. Mwana wa sekondale safunika kulembedwa ntchito. Afunika sabata imodzi kapena ziwiri zotsatira mmisiri, kuona ndi kufunsa, mu labu, mu ofesi yojambula mapulani kapena m'chipinda choyang'anira makina, kutali ndi ng'anjo. Potero salanda malo a wa ku koleji, ndipo lamulo silithyoledwa. Mwayiwu ukhale wa a Giredi 10 ndi 11, omwe mayeso sanawapanikize.

Wolemba kalata ku kampani akhale mphunzitsi wamkulu, osati kholo. Sukulu isankhe ana poyera, potengera khama lawo ku JETS ndi m'kalasi, anyamata ndi atsikana mofanana, makolo asayine chilolezo, ndipo mwana akabwerako afotokozere anzake zomwe waona. Makampani nawo akumbukire kuti amisiri omwe adzawafune zaka 10 zikubwerazi ali m'makalasi a kuno lero. Tchuthi cha August chisanafike, aphunzitsi a sayansi ndi makomiti a makolo a PTA akhale pansi, alembe kalata imodzi m'dzina la ana onse.