Mangani Bokosi Musanakweze Nyimbo

Chiyambire pamene magalimoto ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan adachuluka m'misewu yathu, kutsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa Songwe, kwabuka mwambo pakati pa anyamata, ndiponso pakati pa madoda ena amene mitima yawo ikana kukalamba, wakuti galimoto siyesedwa yokwanira kufikira mwini wake ataika kubuti bokosi lalikulu la sipika ija aitcha sabuwufa, imene kugunda kwake kumveka m'chifuwa cha munthu woima kutsidya kwa msewu galimotoyo isanatulukire n'komwe. Za phokosolo sindinenapo kanthu lero, pakuti mlandu umenewo ngwa anansi ndi apolisi. Chimene chandisowetsa mtendere n'chakuti mwa mabokosi amene ndawaona eni ake atatsekula buti monyadira, ngowerengeka amene adamangidwa. Otsalawo adangokhazikidwa pakapeti, mwini wake ali ndi chikhulupiriro chakuti chinthu cholemera chotero sichingasunthe chokha.

Koma kulemera kumene iye akudalirako ndiko kumene kudzamuukira. Bokosi lokhomedwa ndi thabwa la MDF lochindikala mamilimita 18, m'kati mwake muli sipika ya mainchi 12 ndi maginito ake aakulu, likhoza kufika makilogalamu 20 kapena 25, ndiko kunena pafupifupi theka la thumba la simenti. Tsono Isaac Newton adalongosola kale m'chaka cha 1687 kuti chinthu chimene chili paulendo chipitirirabe ulendo wake kufikira china chitachiimitsa. Ndipo mwa ichi, galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola ikaomba mtengo kapena inzake n'kuima mwadzidzidzi, malamba agwira anthu, koma bokosi losamangidwa lipitirira pa liwiro lomwelo, ndi mphamvu yofanana ndi imene likadakhala nayo litagwa kuchokera pamwamba potalika mamita pafupifupi 10. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo iwirikiza kanayi. Ndipo ngati galimotoyo yaima m'kati mwa theka la mita, monga zimachitikira pa ngozi yoombana, bokosi la makilogalamu 20 likankha chimene chili patsogolo pake ngati katundu wa makilogalamu 400.

Nanga patsogolo pake pali yani? M'magalimoto amene tawazolowera, monga Vitz, Fit, Sienta ndi Probox, palibe khoma lachitsulo pakati pa buti ndi anthu, koma msana wa mpando wokha, wopindika, wogwidwa ndi kachitsulo kokowera. Ndipo pampando umenewo ndi pamene timakhazika ana athu, amayi athu otibereka, ndi apongozi amene tawalemekeza powapatsa malo akumbuyo. Munthu amene sangalole mwana wake kusewera pansi pa denga logwedera, yemweyo amukhazika tsiku ndi tsiku patsogolo pa katundu wosamanga, nayimba naye nyimbo mokondwera. Akulu adati chakudza sichiyimba ng'oma: mbuzi yodumphira mumsewu wa M1, kapena wakabaza wokhota osayang'ana, sayamba watumiza mthenga.

Ngakhale ngozi itapanda kudza, bokosi lotayirira liwononga pang'onopang'ono. Tsekulani buti yotere muone: kapeti yanyuka mizere iwiri mmene bokosi limatsetserekera pokhota, ngodya za thabwa zafumbutuka, pulasitiki wa m'mbali wang'aluka, ndipo waya wofiira uja wonenepa wochokera ku batire wakokeka kufikira mkuwa waonekera pafupi ndi ampulifaya. Wayayo akakhudza chitsulo cha galimoto popanda fyuzi yomuteteza, atentha mpaka kuyatsa kapeti. Chifukwa chake amisiri odziwa ntchito amaika fyuzi pafupi penipeni ndi batire, osapitirira masentimita 45, kuti utali wonse wa waya ukhale wotetezeka.

Kumanga kwake sikufuna nzeru zakuya, koma kudekha. Choyamba, bokosi ligunde msana wa mpando, lisasiyidwe pakati pa buti pamene lingapeze mpata wothamangira lisanaombe. Chachiwiri, pakhale zitsulo zopindika ngati chilembo cha L, zinayi kapena kuposerapo, zimene mmisiri aliyense wowotcherera, kaya ku Biwi kaya ku Ndirande, angathe kudula ndi kuboola. Mbali imodzi igwire bokosi, inayo igwire pansi pa galimoto, ndi mabawuti opyoza mpaka kuseri, okhala ndi mawashala otambalala ndi manati ake, pakuti sikuluwu yongolowa m'lata lopyapyala kapena m'thabwa la MDF imazuka ikakokedwa mwamphamvu. Pamene bawuti yapyoza bokosi pamatidwe bwino, kuti mpweya usatulukirepo ndi kuwononga mawu a sipika.

Koma pano ndipo pafunika chenjezo lalikulu, pakuti safunsa adadya phula. Munthu asanaike chobowolera pansi pa buti, ayambe wagona chagada ndi tochi m'manja, aone chimene chili kuseri kwa latalo. Pakuti m'magalimoto ambiri thanki ya petulo ili pansi pa mpando wakumbuyo kapena pafupi pomwepo, ndipo m'menemo ndi m'mene mumadutsa timapaipi ta mafuta, ta mabuleki, ndi mawaya a nyali. Bowo likabooledwa lipakidwe penti kuti lisachite dzimbiri, ndipo litsekedwe kuti madzi, fumbi ndi utsi wa ekizozi zisalowerepo.

Iye amene safuna kuboola galimoto yake ali nayo njira ina. Magalimoto ambiri a buti yotseguka ali ndi mphete zachitsulo m'ngodya, zimene opanga adaziikira ntchito yomangirirapo katundu. Lamba wolimba wokhala ndi chokungira chachitsulo, wodutsa pamwamba pa bokosi kuchokera ku mphete ina kufikira inzake, agwira ntchito yabwino, ndipo amasulidwa msanga tsiku limene tayala laphulika usiku ndipo sipeya ndi jeke zili pansi pa bokosilo. Ena amadula thabwa la pulayiwudi lolingana ndi buti yonse, nalimanga ku zitsulo za galimoto, nakhomera bokosi pamenepo. Koma mphira za chubu zimene timangira katundu panjinga, nsalu zomata zija za Velcro, ndi njerwa kapena zigubu zotchingira m'mbali, zonsezi zingoletsa kutsetsereka pokhota. Pa tsiku la tsoka mphira itamuka, chomata chimatuka, ndipo njerwayo isanduka chida chachiwiri.

Mphotho ya ntchitoyi sidikira tsiku la ngozi. Bokosi logwira zolimba silinjenjemera kapena kugogoda zitsulo, kotero nyimbo imveka yoyera. Ndiponso mbala yothyola galasi, imene ikadanyamula bokosi lotayirira m'kuphethira kwa diso, siikhala ndi nthawi yolimbana ndi mabawuti.

Chifukwa chake ndikupemphani, inu eni magalimoto, ndi inunso amisiri olumikiza mawaya amene mumalandira malipiro nyimbo ikangolira: musayese ntchito yatha bokosi lisanamangidwe. Walira mvula walira matope. Wogula sipika wagulanso udindo woimanga, ndipo mtengo wa zitsulo zinayi ndi mabawuti ake sufika ngakhale pang'ono pa ndalama zimene mudapereka pogula sipikayo. Sabata ino tsekulani buti, gwirani bokosi ndi manja awiri, mulikoke ndi mphamvu zanu zonse. Likasuntha, musakwezemo mwana kufikira mutalimanga.