Ndemanga: Munthu Akatsamwa, Thandizo Lili M'manja mwa Amene Ali Pafupi

Ndemanga ya lero ikutitengera kunyanja, kwa Mfumu Yaikulu Maganga m'boma la Salima, komwe ndiwo za tsiku ndi tsiku ndi usipa, utaka, chambo ndi kampango. Kumeneko mwana amadziwa kusankha minga asanayambe sukulu. Komabe ngakhale msodzi wokalambira pamadzi amatsamwa, ndipo zikatero ambiri a ife timachita zinthu zoonjezera vuto, chonsecho tili ndi mtima wofuna kuthandiza.

Pali mavuto awiri amene timawasokoneza. Munga ukabaya pakhosi, munthu amamva kuwawa ndipo kumeza kumamuvuta, koma amapuma, amalankhula, amadandaula. Apa mpamene timathamangira kumuumbira mbamu yaikulu ya nsima kuti ameze osatafuna. Nthawi zina munga umatsikadi. Nthawi zina mbamuyo imaukhomerera mkati mwa mmero, momwe ungathe kuboola ndi kuyambitsa mafinya. Munthu wotere nthawi ali nayo. Apite kuchipatala cha Maganga kapena kuchipatala chachikulu cha pa boma, akauchotse ndi zida zoyenera.

Vuto lachiwiri silidikira. Nthuli ya nyama, mtedza, suwiti kapena kandalama kachitsulo zikatseka njira ya mpweya, munthu amangoti zii. Satsokomola, mawu satuluka, mwana salira. Amagwira pakhosi, maso ali tong'oo, milomo nkuyamba kuda. Ubongo ukakhala mphindi zoposa 4 wopanda mpweya umayamba kuonongeka, pamene kuchokera ku Senga Bay kukafika pa boma la Salima ndi makilomita pafupifupi 20. Palibe kabaza kapena ambulansi imene ingafike m'mphindi zimenezo. Wopulumutsa munthuyo ndi inu amene mukudya naye mbale imodzi.

Mufunseni kuti, "Mwatsamwa?" Akayankha kapena akamatsokomola mwamphamvu, musamumenye ndipo musamupatse madzi. Mulimbikitseni atsokomolebe, pakuti chifuwa chake chikugwira kale ntchito. Akangogwedeza mutu mawu osatuluka, tumani wina akaitane thandizo, inu imani chakumbuyo kwake, muweramitseni mutu uloze pansi, dzanja limodzi mutamugwira pachifuwa. Ndi tsinde la chikhatho chinacho mumenyeni mwamphamvu pamsana, pakati pa mapewa, mpaka kasanu. Kuweramitsako nkofunika, chifukwa mukamenya munthu ali chilili, chomwe chamutsamwacho chingathe kutsikira mkati. Ndipo musachite manyazi poti ndi apongozi kapena agogo. Kusisita mwaulemu sikuchotsa nthuli.

Zikakanika, mukumbatireni kuchokera kumbuyo. Ikani chibakera pamwamba pang'ono pa mchombo, pansi pa fupa la pachifuwa, chigwireni ndi dzanja linalo, nkukokera mkati ndi m'mwamba mwadzidzidzi, mpaka kasanu. Mpweya wotsala m'mapapo umakankha chotsekacho ngati chivindikiro chofwamphuka pabotolo la thobwa lowira. Njira imeneyi anaifalitsa dokotala wa ku America, Henry Heimlich, m'chaka cha 1974. Pitirizani kusinthanitsa, kasanu pamsana, kasanu pamimba, mpaka chituluke. Ngati ndi mayi woyembekezera, mimba isakhudzidwe: chibakera chikhale pakati pa chifuwa.

Amayi ndi abambo, mvetserani bwino za khanda losakwana chaka, pakuti apa mpamene mantha amatilakwitsa kwambiri. Khanda silikankhidwa pamimba, ziwalo zake nzanthete. Khalani pansi, ligonekeni chafufumimba pamkono wanu womwe watsamira pantchafu, mutu wake utsike kuposa thupi, chibwano mutachigwiriziza ndi zala. Limenyeni pamsana kasanu. Kenaka litembenuzeni chagada, nkukankha ndi zala ziwiri pakati pa chifuwa, kasanu. Musaligwire miyendo nkulizondotsa, musalikhutchumule. Koposa zonse musapise chala kukhosi kufufuza chinthu chimene simukuchiona, chifukwa mudzangochikankhira mkati. Chotsani chokhacho chimene chikuoneka m'kamwa.

Munthu akakomoka, mugonekeni chagada pamalo olimba, ikani manja pakati pa chifuwa nkumakankha mwamphamvu ndi mofulumira ka 30, kenaka yang'anani m'kamwa ngati chinthucho chaonekera. Musaleke kufikira thandizo litafika. Ndipo aliyense amene wakankhidwa pamimba akaonedwe kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa kukankhako kungathe kuvulaza mkati.

Zambiri mwa ngozizi zimayambira pazinthu zimene tazizolowera. Timapatsa mwana wa zaka ziwiri mtedza wosasinja kapena chimanga chokazinga kuti asiye kulira, iye nkumadya akuthamanga. Timasiya mikanda ndi ndalama pamphasa pomwe khanda likukwawa. Mtedza usinjidwe, nyama idulidwe ting'onoting'ono, nsomba ya mwana isankhidwe minga ndi munthu wamkulu, ndipo mwana adye atakhala pansi. Agogo amene mano anatha nawonso asamasiyidwe okha ndi nyama yolimba.

Kumva pawayilesi sikufanana ndi kuyeseza ndi manja. Bungwe la Malawi Red Cross Society limaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo alangizi a zaumoyo amakumana ndi amayi mwezi ndi mwezi kusikelo ya ana. Tikupempha mafumu a kwa Maganga, makomiti a m'madoko, aphunzitsi ndi osamalira ana m'sukulu za mkombaphala kuti aitane anthu amenewa adzaonetse poyera, ndi chidole m'manja, momwe khanda limagwiridwira ndi pomwe chibakera chimaikidwa. Pa doko lililonse, pa lesitilanti iliyonse ya ku Senga Bay ndi pa sukulu iliyonse papezeke anthu amene anayesezapo.