NGONGOLE YA MALEMU: INJINI ISACHOKE PADOKO CHISAWAWA

Abale anga a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira, Msaka, Senga Bay mpaka Nkhotakota, tamvani iyi.

Mwini chilimira akamwalira, anthu asanabalalike n'komwe pasiwa, okongoza ayamba kale kutulukira. Uyu akuti petulo wa miyezi itatu, uyo akuti katapila, winayo wangoloza injini, ati iyi ndi yanga basi. Mayi wamasiye amangovomera poopa manyazi. Mawa lake alovi alibe ntchito, ana alibe fizi.

Ngongole yeniyeni ibwezedwe ndithu. Amene anakongoza bambo petulo kuti boti lipite pamadzi sanalakwe ayi. Koma ngongole ili ndi njira yake. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limati kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Woyendetsa chumacho ndi amene wapatsidwa mphamvu ndi khoti, kapena ofesi ya Administrator General, ndipo ife akumudzi timayambira kwa DC. Ameneyo amawerenga zonse, boti, injini, maukonde, ndalama za kubanki, n'kulipira ngongole zotsimikizika. Zotsalazo ndiye amagawira mkazi ndi ana.

Apa mumvetsetse: ngongole imalipidwa kuchokera pa chuma cha malemu, osati m'thumba mwa mwana. Chumacho chikatha, okongoza sangalande njinga yako, pokhapokha ngati unasainira wekha kuti bambo akalephera udzabweza ndiwe.

Ndiye wina akabwera, mulandireni mwaulemu, koma mufunseni umboni. Kope lili kuti? Mboni ndani? Meseji ya Mpamba kapena Airtel Money ilipo? Ngati akuti injiniyo inali chikole, aonetse pepala. Musasaine kanthu pamaliro, mutu usanakhazikike. Akuluakulu anati mlandu suola. Ngongole yoona singaole chifukwa yadikira miyezi iwiri.

Inunso okongoza, taganizani. Injini ikakhala pamadzi, usipa wa mdima uliwonse ungakubwezereni pang'onopang'ono. Mukaizula n'kuigulitsa motchipa, mwadya kamodzi, banja lonse mwaligoneka ndi njala.

Ndipo inu madala athu amene mukadali moyo, chonde lembani m'kope amene munawakongola ndi amene anakukongolani, mayi adziwe pomwe kopelo lili. Lembaninso wilo. Si kuitana imfa ayi, ndi kutseka pakamwa pa abodza.

Tumizani ku gulu la padoko lanu, ena asaluze injini.