Penti Sawongola Chasisi

Ma Sienta onyamula anthu pakati pa Dzaleka ndi Lilongwe amagulidwa atayenda kale, ndipo yomwe inachitapo ngozi ndiyo imakopa ndi mtengo wotsika. Wogula asakhutire ndi penti wonyezimira. Ayendetse maginito pachitseko: pomwe sakugwira, pamenepo anamatapo. Matayala odyeka mbali imodzi, zitseko zovuta kutseka ndi zowotcherera pansi pa kapeti zimaulula chasisi chopindika. Ena amati COF ilipo, nanga vuto n'chiyani? Pepalalo silinena mbiri ya galimoto, silinenanso ngati ma airbag anabwezeretsedwa. Chitsulo chowongoledwa ndi moto chimafooka, ndipo pamitsetse yokhotakhota ya ku Dowa, galimoto yotere itadzaza anthu ndi matumba a mbatatesi, imakokera kumbali dalaivala akaponda buleki.